Madzi a m'Kapu ya Kanjiwa

4 Malichi

Achemwali,

Moni wa kuno kwathu. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi timabotolo tanu ta ku labotale. Ababa ali bwino, ng'anjo ikuyaka, mapoto akutuluka, nyundo ikulira kuyambira mbandakucha mpaka makutu kuwawa. Ine ndilipo. Amene sali bwino ndi mwana wanu Kanjiwa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandifunsa mafunso khumi ndisanayankhe loyamba. Dalaivala wa basi ya Lachisanu wavomera kumatinyamulira makalata.

Mwanayu wakhala akudandaula m'mimba kwa nthawi tsopano. Kudya sakufuna. Paja anali wolongolola ngati wailesi, koma masiku ano amangokhala pakhomo atakumbatira kapu yake, ukamulankhula wayamba kulira. Nyimbo munamuphunzitsa ija waiwala. Kuchipatala poyamba anati magazi achepa, anatipatsa mapiritsi, koma sizinasinthe. Kenaka adokotala anatumiza magazi ake ku chipatala chachikulu, ndipo dzana anandiitana. Akuti m'magazi mwa mwana muli mtovu.

Ndinaseka, achemwali. Ndinati, "Adokotala, mwana wanga ndi batire?" Iwo sanaseke. Anandifunsa ngati timakhala pafupi ndi pokonzera mabatire kapena m'nyumba ya penti wakale. Anati mankhwala alipo, koma ngati sitipeza kumene mtovuwo ukuchokera, tikhala tikutunga madzi ndi dengu. Anatinso umawononga nzeru za mwana.

Mukudziwa kuti kuseri kwa mpanda wathu kuli a Mabatire ndi mabatire awo a galimoto, ndipo chitsime chimene tonse timatungapo chili pakati pa iwo ndi ife. Inu ndi amene munaphunzira za madzi. Tandiuzani chochita. Koma chonde, Aphunzitsi, mwachidule.

Ndine mng'ono wanu.

11 Malichi

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndaiwerenga nditaimirira. Moni kwa ababa. Kanjiwa umupsopsone pachipumi, umuuze kuti amayi ake aakulu akumuganizira.

Wati mwachidule, ndiyesetsa, koma ukundidziwa.

Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofewa. Ukasungunuka m'madzi suoneka, sununkha, ndipo lilime siliumva. Madzi akhoza kukhala mbee ngati galasi koma uli momwemo. Thupi la mwana limaulandira ngati chakudya, n'kuusunga m'magazi ndi m'mafupa. Ndiye adokotala akunena zoona: chachikulu n'kupeza khomo limene ukulowera n'kulitseka.

M'kabokosi aka muli timabotolo ta madzi ofiira. Ndi ntchito yanga imene umaiseka ija. Kufiirako ndi golide, yemweyu wa mphete. Golide akaphwanyidwa n'kukhala tizidutswa tating'onoting'ono, toti fumbi la pa phiko la gulugufe n'lalikulu, sakhalanso wachikasu. Amafiiritsa madzi. Kachidutswa kalikonse timakaveka tizingwe tokonda mtovu. M'madzi abwino tizidutswato timayandama motalikirana, ngati anthu osadziwana podikirira basi, ndipo madzi amakhalabe ofiira. Koma mtovu ukalowa uli ngati basi yafika: onse kuthamangira pakhomo limodzi. Umagwira kachingwe uku, kachingwe uko, tizidutswa n'kuunjikana. Tikaunjikana, kuwala kumadutsa mwa njira ina, ndipo zofiira zija zimasanduka buluu. Basi, nzeru yonse ndi imeneyo.

Uchite motere. Tunga madzi a pachitsime ndi botolo loyera, udonthezere pang'ono m'kabotolo kamodzi, ugwedeze, udikire pang'ono. M'kabotolo kena udonthezere madzi amene ukudziwa kuti ndi abwino, kuti ukhale ndi poyerekezera.

Kuyambira lero Kanjiwa asamwenso a pachitsime. Uzikatunga kumpopi wa kumapeto kwa msewu. Kuwiritsa sikuchotsa mtovu, koma a kumpopiwo uziwiritsabe monga ndinakuphunzitsira, chifukwa cha tizilombo.

Kunena zoona, mtima wanga ukuloza a Mabatire. Mabatire ndi mtovu wokhawokha, ndipo mvula ikagwa madzi a pabwalo pawo amalowa pansi. Sindikukayika kuti chitsime chathu achiwononga ndi iwo. Koma zimenezi zikhale za ine ndi iwe mpaka utayeza.

Ndine mkulu wako.

19 Malichi

Mwana wanga,

Ndayamba ndi kukupatsa moni. Ine ndili bwino, msana wokha. Ntchito ikuyenda. Ndapeza zitsulo zabwino ku galaja, maladiyeta akutha a galimoto ndi zidutswa za injini, zikusungunuka ngati mafuta.

Kalata unalembera mng'ono wako ndinaipeza patebulo ndipo ndinaiwerenga. Usamudzudzule, sanandipatse ndi iye. Za golide sindinazimve bwino, koma za a Mabatire ndinazimva.

Wati zikhale za awiri. Mwana wanga, mdzukulu wanga akufota ine ndikuona, ndiye ndikhale chete? Ndinapita pachitsime nthawi imene anthu amachuluka, kalata yako ili m'manja. Ndinawaitana a Mabatire, ndinawerenga pamaso pa onse mawu ako aja akuti sukukayika. Ndinati, "Awa si mawu anga. Ndi a mwana wanga amene amayeza madzi ndi golide." Iwo anati pabwalo pawo anathira simenti, ndipo mabatire akutha amawabweza ku fakitale osatsegula. Ndinati kodi wakuba anavomerapo? Anthu anaseka. Tsopano ambiri asiya kupititsako mabatire, ndipo eni nyumba awauza kuti ayambe kuyang'ana kwina.

Za Kanjiwa usade nkhawa. Madzi ake akuchokera kumpopi, ndipo akuwiritsidwa m'kapoto kake kamene ndinamuumbira atabadwa. Kapoto kameneko wina aliyense sakagwira. Mayi ake amafinyiramo ndimu chifukwa cha m'mimba, amavundikira, mwana n'kumamwa tsiku lonse.

Ndimanyadira kuti ndinakuphunzitsa sukulu. Tsiku lija pachitsime ndinaona phindu lake.

Ndine bambo wako.

25 Malichi

Achemwali,

Moni. Ababa akuyenda chifuwa patsogolo ngati apambana mlandu. Kanjiwa sakusintha.

Aphunzitsi, mankhwala anu aja mwina anasokonezeka ndi mabampu a mumsewu, chifukwa akugwira ntchito chozondoka. Ndinachita zonse monga munanenera. Botolo ndinalitsuka mpaka kulira. Ndinadonthezera madzi a pachitsime, ndinagwedeza, ndinadikira. Ofiira. Ndinadikiranso mpaka khosi kuuma. Ofiirabe, psuu! Basi yanu ija sinafike.

Ndiye ndinati ndiyerekezere ndi madzi abwino. Madzi abwino koposa m'nyumba muno ndi a m'kapu ya Kanjiwa, a kumpopi, owiritsa. Ndinadonthezera. Ndisanamalize n'kugwedeza komwe, ndinaona akuda pang'onopang'ono, mpaka buluu ngati inki.

Ndinabwereza m'mawa mwake. Chimodzimodzi: chitsime chofiira, kapu buluu.

Ababa sindinawauze. Ndingayambire pati, iwo atawerenga kale chigamulo pachitsime? Akazi a a Mabatire, amene ankamuluka tsitsi Kanjiwa, tsopano tikakumana amayang'ana kumbali. Ana awo anthu akuwathamangitsa pachitsime, akuti ana a poizoni.

Kodi mwina munalemba molakwitsa, kuti ofiira ndiye oipa? Tandiyankhani msanga.

Mng'ono wanu.

1 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni kwa nonse. Zimene anachita ababa pachitsime zandidandaulitsa, koma madzi akatayika saoleka. Tiyeni tione za mwana.

Sindinalembe molakwitsa. Ofiira ndi abwino, a buluu ndi oipa. Koma usadzimvere chisoni, ngakhale ophunzira athu kuno amalakwitsa poyamba. Ndikufotokozere.

Tizidutswa ta golide tija si mtovu wokha umene ungatiunjike. Mchere wambiri umachitanso zomwezo. Kapu ya mwana imadutsa m'zambiri: manja a mchere, supuni ya ndiwo, sopo wosatsukuluza bwino. Kanthu kochepa kotere kakhoza kusintha mtundu, munthu n'kuganiza kuti wapeza mtovu. Ndiponso n'kosavuta kusinthanitsa mabotolo awiri ofanana pamene mwana akulira kumsana. Za chitsime, mwina unatunga pamwamba mvula itangogwa kumene, madzi atasungunuka.

Madzi a kumpopi sangakhale ndi mtovu. Mapaipi ake ndi a pulasitiki, ndinawaona ndekha akuikidwa. Choncho mtima ukhale m'malo, upitirize monga ukuchitira.

Kuti tonse tigone tulo, unditumizire mabotolo awiri, la pachitsime ndi la m'kapu. Ulembe pa lililonse, ndipo ulembe usanathiremo madzi. Kuno tili ndi makina aakulu amene sanamizidwa ndi mchere. Sabata zino tatanganidwa, kukubwera alendo odzaona ntchito yathu, koma ndikapeza mpata ndiyeza.

Mkulu wako.

29 Epulo

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino.

Mabotolo anu ndinatumiza Lachisanu lomwe lija. Ndinalemba ndisanathire, monga mwa lamulo la Aphunzitsi. Dalaivala akuti anapereka m'manja mwanu. Kuchokera apo, zii. Ndikaimba foni mumati muli ndi alendo, mundiimbira. Mwezi ukutha.

Tangonenani ngati madzi a kwathu akukuchititsani manyazi pamaso pa anzanu ovala makoti oyera. Mwina botolo lathu ndi la mafuta ophikira, silikuyenera patebulo panu. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma zofiira ndi za buluu ndimazisiyanitsa. Mabotolo awiri sindingawasinthanitse kawiri konse. Ndipo kapu ya mwana wanga si mbale ya galu kuti muzindiuza za mchere ndi sopo.

Kanjiwa anagonekedwa m'chipatala. Anasanza usiku wonse, m'mawa n'kukomoka. Kumeneko anamupatsa mankhwala, ndipo patapita masiku anayamba kudya, mpaka kukangana ndi anamwino za jakisoni. Ndinati Mulungu wamva. Tabwera kunyumba, sabata sinathe, m'mimba mwayambiranso. Adokotala andifunsa kuti, "Mayi, kunyumba kwanu kuli chiyani?" A pachitsime sanamwe n'dontho lomwe chilembereni inu.

Ababa akuti ndi utsi wa kwa a Mabatire. Koma a Mabatirewo ntchito anaima kalekale. Mashelefu awo agulitsa, mwezi wamawa akusamuka. Dzulo ndinawaona atakhala pa batire lakutha, akungoyang'ana geti. Ndinadutsa mofulumira ngati ndaba.

Ngati simungathe kuyeza, nenani, ndikafunse kwina.

Mayi a Kanjiwa.

3 Meyi

Mng'ono wanga,

Ndakuimbira m'mawa uno kuti usiye kapoto kaja, ndipo unamva kuti mawu anga sakutuluka bwino. Zimene ndinalephera kunena pa foni ndi izi.

Mabotolo ako anafika bwino. Sanandichititse manyazi. Zoona zake n'zoipa kuposa pamenepo: ndinawaika m'firiji n'kuwasiya, chifukwa mumtima ndinali nditadziwa kale yankho. Alendo atabwera ndinaimirira pamaso pawo ndi timabotolo tanga, ndipo ndinawafotokozera za mwana wa mng'ono wanga amene akudwala chifukwa munthu wa mabatire anawononga chitsime. Anagwedeza mitu, ena analemba. Madzi a chitsimecho ali m'firiji kumbuyo kwanga, osayezedwa.

Kalata yako itafika ndinawayeza tsiku lomwelo pa makina aakulu. Chitsime chilibe mtovu. A Mabatire alibe mlandu. Madzi a m'kapu ya Kanjiwa ali ndi mtovu wochuluka moti mnzanga amene amayendetsa makinawo anandifunsa ngati ndatunga ku fakitale.

Unayeza bwino, mng'ono wanga, kawiri konse. Ine ndi amene ndinakana kuona.

Ndinakhala pansi n'kudzifunsa funso limene ndikanafunsa mwezi wapitawo: pakati pa mpopi ndi kapu pali chiyani? Ndinatenga kalata ya ababa ija n'kuiwerenganso. Zonse analemba okha, ine ndinangoona za pachitsime zokha. Ndinapita kunyumba kwanga, ndinatsitsa poto amene ababa anandiumbira pochoka, uja ali ndi chilembo changa pachogwirira. Ndinawiritsamo madzi, ndinafinyira ndimu, ndinadikira azizire. Ndinadonthezera m'kabotolo. Buluu. Makina aakulu avomerezanso.

Ndifotokoze pang'ono, nthawi ino osati kuti ndikuphunzitse, koma kuti ukhale ndi choyankha adokotala. Ababa amaganiza kuti akusungunula aluminiyamu yekhayekha. Koma maladiyeta akale amalumikizidwa ndi mtovu, ndipo zidutswa zina za injini zili nawo. M'ng'anjo zonse zimasakanikirana, ndipo poto akatuluka wonyezimira palibe diso lingadziwe. Moto umautulutsa pang'onopang'ono. Zowawasa ngati ndimu zimautulutsa kwambiri, makamaka madzi akakhalamo tsiku lonse. Akuluakulufe tikumwanso, koma mwana thupi n'laling'ono, ndipo iye yekha ndi amene anali ndi kapoto kakekake.

Ndipo amene anakuuza kuti uziwiritsa, upitirize monga ukuchitira, ndine.

Gula poto wa chitsulo chosachita dzimbiri. Chakudya cha Kanjiwa chisakhudzenso mapoto a pakhomopo, ndipo asamasewere kufupi ndi ng'anjo kapena fumbi lopala. Uwauze adokotala zonse.

Koma ababa, chonde, usawauze. Manja amenewo ndi amene anatilera. Mapoto amenewo ndi amene anandifikitsa ku labotale kuno. Ndipempha tchuthi, ndibwere, ndipeze mawu. Panopa ndikaganiza zowayang'ana kumaso, nkhope ikuyaka.

Ndikhululukire.

Mkulu wako.

13 Meyi

Achemwali,

Moni. Choyamba chabwino: Kanjiwa wayamba kudya. Dzulo analanda nthochi m'manja mwanga. Adokotala akuti ulendo ndi wautali, ndipo sangalonjeze kuti zonse zibwerera, koma akuti bola khomo latsekedwa.

Zokhululuka tidzakamba mukabwera. Mkwiyo sunathe, koma ndilibe nthawi yake.

Munati ndisawauze ababa. Ndinayesa. Kapoto ndinakabisa pansi pa bedi, ndinagula wa m'sitolo. Koma inu, poto wa m'sitolo m'nyumba ya woumba mapoto mungamubise kuti? Anamupeza pa mbaula. Anamunyamula, anamugogoda ndi chala, n'kumvetsera.

"Ichi n'chiyani?"

"Poto, ababa."

"Ndikuona kuti si chipewa. Wachokera kuti?"

Ndinati kapoto ka mwana kathyoka chogwirira. Bodza loyamba limene linabwera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chogwirira changa sichinathyokepo. Ndi mkulu wako ameneyu eti? Wayamba kunyansidwa ndi mapoto a bambo wake?" Anatuluka osadikira yankho.

Tsiku lonse ndinamva akupondaponda mchenga wa chikombole, akupemerera moto. Madzulo analowa ndi kapoto katsopano, kopalidwa bwino, konyezimira ngati kalilole. Pachivundikiro anajambulapo kanjiwa. Anagwada, msana wawo uja, n'kumupatsa mwana. "Tenga, mdzukulu wanga. Agogo ako akadali moyo sudzamwera za m'sitolo." Mwana anakakumbatira.

Achemwali, pamenepo ndinaona kuti ndikasunga ulemu wa ababa nditaya mwana. Ine si Aphunzitsi. Ndinangotenga kabokosi kanu n'kukaika patebulo. Ndinati, "Ababa, tiyeni tiyeze limodzi."

Ndinayamba ndi a pachitsime. Ofiira. Iwo anati, "Akufuna nthawi." Tinadikira. Ofiirabe. Kenaka a kumpopi, osawiritsa. Ofiira. Ndiye ndinawiritsa a kumpopi omwewo m'kapoto katsopano, ndi ndimu, monga ndimachitira masiku onse. Atazizira ndinawapatsa iwo kabotolo kuti adonthezere okha.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anapita nako pakhomo kuti aone ndi kuwala kwa panja. Kenaka anati, "Kapoto aka n'katsopano, sikanatsukidwe bwino. Bweretsa kakale." Ndinakatulutsa pansi pa bedi, chogwirira chili bwinobwino. Buluu. "Bweretsa wa ndiwo." Buluu. "Wamkulu uja anasiya amayi ako." Ameneyo anangoda pang'ono, koma anada. Anapitiriza choncho mpaka timabotolo tanu tonse tinatha, tili ndandanda patebulo, tiwiri tofiira kumapeto, totsala tonse ngati inki.

Anafunsa funso limodzi lokha: "Mkulu wako akudziwa?"

Ndinati, "Akudziwa. Amaopa kukuuzani."

Anakhala pampando manja ali pamaondo, akuwayang'ana ngati ndi a munthu wina. Kanjiwa anabwera kudzakoka kapoto kake patebulo. Iwo anagwira chogwirira, iye akukoka, iwo osasiya, mpaka mwana anayamba kulira. Sindinawaonepo ababa akumukaniza chinthu mwana ameneyu.

Ng'anjo sinayakenso kuyambira tsiku limenelo. Akuti akulemberani okha.

Mng'ono wanu.

20 Meyi

Mwana wanga,

Ndayamba ndi kukupatsa moni. Ine ndilipo.

Unaopa kundiuza. Sindikukudzudzula. Munthu amene anawerenga kalata yako pachitsime ngati woweruza, ndani angamuuze kanthu?

Ndinapita kwa a Mabatire. Ndinawapeza akumanga katundu. Ndinavula chipewa, ndinawauza zonse. Sanandipatse mpando. Anati, "Achikulire, mwandinong'oneza kuno kuseri, koma ponditukwana munaitana msewu wonse. Mukanene pamene munanena paja." Anali kunena zoona.

Ndinapita pachitsime nthawi yomwe ija. Ndinanyamula timabotolo tako, tofiira ndi ta buluu, ndi kapoto ka Kanjiwa. Ndinati chitsime chilibe vuto, a Mabatire alibe mlandu, amene wadwalitsa mdzukulu wanga ndine. Ndinati aliyense amene ali ndi poto wanga asiye kuphikira. Nthawi ino palibe anaseka. Mayi wina anati, "Ndiye ana athu mwakhala mukuwadyetsa chiyani zaka zonsezi?" Ndinangoima, chipewa m'manja, mpaka onse anatunga n'kupita.

Eni nyumba avomera kuti a Mabatire akhale, koma mashelefu anagulitsidwa kale ndipo makasitomala abwerera ochepa. Akazi awo satilankhulabe. A Mabatirewo akuti mawu amene anawagwetsa anali olembedwa ndi dzanja lako, ndiye iwenso udzaime pachitsime. Ndawauza kuti udzaima. Usandichititse bodza.

Tsopano ndikuyenda ndi wilibala khomo ndi khomo kutolera mapoto anga. Ndimawadziwa onse, ngakhale akuda ndi mwaye. Ena amandipatsa ali chete. Ena amanditukwana kaye, ndipo ndimadikira amalize. Ena akukana, akuti poto ameneyu wawaphikira zaka zambiri, sanafe. Amenewa mawu anga sakuwakwanira, akufunika aone ndi maso monga ndinaonera ine. Choncho unditumizire timabotolo tina tambiri. Kudonthezera ndaphunzira. Adokotala akuti ana a mumsewu muno abwere nawo akayezedwe magazi, ndipo ndikuwauza makolo pakhomo lililonse.

Ndikupemphanso chinthu china. Undilembere za golide zija kachiwiri, pang'onopang'ono, pakuti ulendo woyamba ndinadumpha n'kuthamangira dzina la munthu. Undiuzenso ngati pali zitsulo zimene munthu angasungunule osapha ana a eni. Ngati palibe, unene osaopa. Ndiziumba zopondera za njinga ndi zogwirira zitseko, zimene munthu saphikiramo. Ulembe motalika mmene ungathere. Nthawi ino ndiwerenga mpaka pansi.

Kanjiwa dzulo anaimba nyimbo yako ija, theka lokha, kenaka anasokoneza mawu. Mayi ake anatuluka panja kukalira. Amafunsabe kapoto kake ka njiwa. Ndamuuza kuti kanauluka.

Ukamabwera, poto ndinakuumbira uja usamutaye kumeneko, wina angamutole n'kukaphikira ana ake. Ubwere naye. Ndinamuumba ndekha, ndidzamuphwanya ndekha.

Ndine bambo wako.